Mmene mungatetezere mkati mwa galimoto yogonamo kuti musathe msanga

Yanga ndi HiAce yakale, ija injini yake imakhala pansi pa mpando wakutsogolo. Ndinachotsa mipando yakumbuyo nkuikamo bedi ndi kakabati, nde ndikamapita ku Lifupa m'nkhalango ya Kasungu, kapena ku nyanja ku Nkhotakota kudzera msewu wa M18, kaya ku Chipata kudutsira ku Mchinji, ndimagona momwemo. Azungu amati camper van, kuno pa boma anthu amangoti galimoto ya bedi ija. Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti bwanji mkati mwanu simukutha pomwe misewu tikuyendamo ndi yomweyi, nde ndati ndingolemba zonse mmene ndimachitira.

Chimene ndaphunzira nchakuti mkati mwa galimoto simutha chifukwa cha anthu okhalamo okha ayi. Mumatha ndi fumbi, madzi, dzuwa komanso kukhulana kwa zinthu galimoto ikamagwedezeka pa mabampu. Fumbi la kuno lofiirali likalowa pakati pa zinthu ziwiri zogundana limasanduka sandipepala, mumangoona penti yaperepeseka, thabwa ladyeka, nsalu yabooka. Nde ntchito yonse ndi kutseka polowera fumbi, kuletsa madzi kukhala malo amodzi, ndi kumanga chilichonse chomwe chimasuntha. Zambiri mupanga nokha pakhomo.

Yambani ndi kutulutsa chilichonse. Matiresi, bedi ngati imachoka, kapeti yakale, zonse panja, mutsale ndi chitsulo cha pansi chokhachokha. Sesani, kolopani, dikirani paume, kenako lowani masana mutseke zitseko zonse nkuyang'ana pansi. Pomwe pakulowa kuwala ndi pomwe pakulowa fumbi. Ambiri amene tinachotsa mipando timaiwala kuti mabawuti a mipando aja amasiya mabowo, ine ndinayenda nawo nthawi yaitali ali pululu osadziwa, ndimadabwa kuti bwanji zofunda zikufiira mawindo ali otseka. Mabowowa amalowetsanso madzi nthawi ya dzinja, ndipo choopsa kwambiri akhoza kulowetsa utsi wa ekizozi. Bwezeranimo bawuti yake ndi washala, pakani silikoni mozungulira musanamange, basi bowo latsekeka. Siyani anayi kapena asanu ndi limodzi, awa tiwagwiritsa ntchito posachedwapa.

Mukaona dzimbiri musaphimbe ayi. Likhuleni ndi bulashi ya waya kenako sandipepala mpaka chitsulo chiwale, pukutani ndi nsanza youma, pakani penti yofiira ija ya pansi amati red oxide, ikauma pakaninso ina pamwamba. Muonetsetse kwambiri m'makona, mozungulira pomwe patukuka chifukwa cha matayala akumbuyo, ndi pa sitepe ya chitseko chokoka, madzi amakonda kubisala mmenemo. Ngati mukabaya ndi sikuludilaiva chitsulo chikubooka, imeneyo si ntchito ya penti, pitani kwa owotcherera aike chigamba kaye.

Tsopano pansi penipeni. Apa mpomwe ndikufuna mumvetsere chifukwa ine ndinalakwitsa ulendo woyamba. Ndinamata kapeti ya nsalu ija ya m'nyumba molunjika pa chitsulo, inkaoneka bwino zedi sabata zoyamba, koma chigubu changa cha madzi chinali ndi kamng'alu pansi, chimadontha pang'onopang'ono, kapeti nkumamwa, pamwamba pouma pansi pali chinyezi. Tsiku lomwe ndinaimatula nditamva kafungo ka chuku, ndinapeza dzimbiri lalikulu ngati chikhatho changa ndipo pakati pake chala chimalowa. Zinandiwawa chifukwa chitsulocho chinali chabwinobwino ndisanamate kapetiyo.

Nde chitani chonchi. Tengani makatoni akuluakulu, muwayale pansi ndi kuwadula motsatira mmene galimoto yapindikira, muwalumikize ndi selotepi, ichi ndiye chikombole chanu. Chiikeni pa pulaiwudi ya 9mm kapena 12mm, jambulani ndi pensulo nkudula. Pulaiwudi imodzi imakhala 2440mm kutalika ndi 1220mm mulifupi, nde ku HiAce mufunika ziwiri zolumikiza. Musanaziike, pakani vanishi mbali zonse, pansi ndi pamwamba, makamaka m'mphepete modulidwamo chifukwa pulaiwudi imamwera madzi m'mphepete nkuyamba kufufuma ndi kumatuka. Pakani kawiri kapena katatu, kudikira iume pakati pake. Pomanga gwiritsani ntchito mabowo a mipando munasiya aja. Chonde musamangoboola pansi pa galimoto paliponse, pansipo padutsa mapaipi a mabuleki, mawaya ndi thanki ya mafuta. Ngati mwakakamizika kuboola lowani kaye kunsi muone, ndipo bowo latsopano lipakidwe penti musanaikemo bawuti.

Pamwamba pa pulaiwudi yalani kapeti ya pulasitiki ija yokhuthala, ikhale imodzi yosalumikiza, chifukwa polumikiza mpomwe madzi ndi mchenga zimalowera. Idulidwe mopitirira pang'ono kuti m'mphepete ikwere khoma masentimita 3 kapena 4 ngati thireyi, tiyi akatayika asapeze polowera. Guluu wake ndi uja wa nsapato, mumapaka mbali zonse ziwiri nkudikira mphindi 10 mpaka 15 kuti asamamatire ku chala, kenako nkugwirizanitsa, kuyambira pakati kupita m'mbali mukusisita ndi botolo kuti mpweya utuluke. Zitseko zonse zikhale zotsekula, guluu ameneyu amazunguza mutu komanso sachedwa kuyaka, wosuta fodya akhale kutali. Pa khomo la chitseko chokoka ndi kumbuyo pomwe mumakwezera katundu, khomani kachitsulo ka aluminiyamu kopindika ngati L kuti kagwire m'mphepete, apo ayi nsapato ndi mabokosi zimatula kapeti yanu mwezi usanathe. Pamwamba pa zonsezi pongolowera ikani kamphira kopondapo kosamata, koti muzikakutumula panja.

Chenjezo limodzi kwa a HiAce anzanga, chivindikiro cha injini pansi pa mpando chisaphimbidwe ndi thabwa kapena kumatidwa. Mudzafuna kuona oyilo muli pa Chatoloma, mudzayamba kuphwasula ntchito yanu yomwe.

Tikachoka pansi tibwere ku zitseko. Mphira zozungulira zitseko zikauma zimasiya mpata. Poyesa tengani kapepala, kapanitseni ndi chitseko nkukakoka. Kakatuluka mosavuta ndiye kuti pamenepo mphira siikugwira. Yesani malo angapo, makamaka chitseko chakumbuyo chifukwa galimoto ikamathamanga mu fumbi kumbuyoko kumakoka fumbi lonse nkulikankhira mkati. Ngati mphira yangophwa koma siinang'ambike, lowetsani kapaipi kofewa kakang'ono mkati mwake kuti itukukenso, kapena matani kamphira kena kopyapyala moyang'anana nayo. Yong'ambika ndi yofunika kusintha basi, kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zakale zimapezeka. Mphirazi muzizitsuka ndi madzi a sopo, zikauma nkupopera silikoni wopopera, osati uja womatira mabowo. Osapaka girizi, oyilo wa injini kapena Vaseline, mafuta amenewa amafewetsa mphira nkuionongeratu.

Palinso kanzeru kena koyendetsera. Mukakhala mu msewu wafumbi ngati ya mkati mwa paki ya Kasungu ija kapena yopita m'midzi ya ku Chamama, ndipo kutsogolo kwanu kulibe galimoto ina, tsekani mawindo nkuyatsa fani kuti izikoka mpweya wakunja mwamphamvu. Mpweya ukadzaza mkati umakankhira kunja kudzera m'timipata, nde fumbi limavutika kulowa. Mukangoona lole ikubwera ndi chimtambo chake tembenuzani kuti mpweya uzizungulira wamkati womwewo mpaka fumbi lidutse. Ku paki kutseka mawindo masana kumakuthandizaninso ku kashembe.

Njanji ya chitseko chokoka muziichotsa mchenga ndi mswachi wakale, pa timatayala take girizi pang'ono chabe, wotsala mupukute. Girizi wambiri amagwira fumbi nkukhala phala lodya chitsulo.

Za matabwa tsopano, bedi ndi makabati. Musalole kalipentala akupangireni ndi bolodi ija ya utuchi wopanikiza, ndi yotchipa inde koma ikangolawa madzi imafufuma, ndipo masikuluu amazukamo ndi kugwedezeka kokha. Pulaiwudi kapena paini ndiye zimapirira. Makona onse akuthwa akhuleni akhale obulungira, kona yakuthwa ndi imene imang'amba matiresi, zikwama ndi mawondo a ana. Vanishi m'mphepete monga tanenera. Paliponse pomwe thabwa lakhudza chitsulo cha galimoto lowetsanipo kachidutswa ka chubu chakale, malegeni omwewa timamangira katundu pa njinga, kuti thabwa lisamakhule penti. Mukamamva kulira kwii kwii kumbuyo mukuyenda musazolowere, pamenepo pali zinthu ziwiri zikudyana, imani mufufuze mpaka mupeze. Pomanga bedi ku galimoto gwiritsani mabawuti ndi manati aja okhala ndi kapulasitiki mkati, samasuka okha. Misomali pa ntchito imeneyi ayi.

Zitseko za kabati zisadalire timaginito. Bampu imodzi chitseko chatseguka, mbale zonse pansi, hinji yapindika. Ikani kachitsulo kokoka kaja timatsekera chitseko cha kubafa, kamodzi pa chitseko chilichonse, ndipo madilowa nawonso chimodzimodzi. Mkati mwa kabati yalani zotsala za kapeti ya pulasitiki ija.

Katundu woyenda naye ndiye mdani wamkulu, anthu saganizira. Jeke, sipanala ya matayala, silinda ya gasi, chigubu, mapoto, chilichonse cholemera chikhale ndi malo ake ndipo chimangidwe. Ine ndinakhoma timphete tachitsulo m'miyendo ya bedi, ndimadutsitsamo malamba. Silinda ya gasi iime chilili, yomangidwa ndi lamba osati legeni lokha, ndipo muzitseka pa mutu pake mukamayenda ndi pogona. Chigubu cha madzi chikhale mu beseni, kuti chikadontha muone madzi mu beseni osati pansi pa bedi. Mafuta ophikira ndi palafini chimodzimodzi, mu kachidebe kawokawo, palafini akalowa mu thabwa fungo lake silichoka. Makapu ndi mabotolo ndimawaveka masokosi a pa kaunjika, pakati pa mapoto ndimaika kansalu. Zikuoneka zazing'ono koma ndi zomwe zimapangitsa kuti mukafika ku Mchinji mupeze zinthu mmene munaziikira. Komanso pa ngozi kapena buleki yadzidzidzi, jeke yosamanga imauluka kubwera kutsogolo komwe mwakhala.

Amene munaika batire yachiwiri ya magetsi ndi sola, batireyo ikhale mu bokosi la pulasitiki lomangidwa, asidi akadontha pa chitsulo amadya msanga kuposa madzi. Ngati ndi batire wamba ija yothira madzi, bokosilo likhale ndi kapaipi kotulutsira mpweya kunja chifukwa ikamatchaja imatulutsa mpweya woyaka. Waya aliyense wodutsa pa bowo la chitsulo avekedwe kachidutswa ka paipi pamenepo, apo ayi chitsulo chimasenda waya pang'onopang'ono mpaka tsiku lina shoti. Fyuzi ikhale pafupi ndi batire penipeni.

Mipando yakutsogolo. Umayamba kutha ndi wa dalaivala, mbali ya kumanja komwe timatsetserekera potsika, HiAce ndi yaitali nde thupi lonse limakhula pamenepo. Ngati payamba kale kung'ambika sokani kaye, siponji yadyeka muonjezere kachidutswa, musaveke kavala pa bala. Nsalu yabwino ndi kanivasi kapena jinzi yokhuthala. Ichapeni musanapite nayo kwa atelala, chifukwa imafupika ikachapidwa koyamba, nde mukasoketsa isanachapidwe simudzaivekanso. Auzeni atelala abwere ayeze pa galimoto pomwepo, aike nsalu ziwiri mbali yakutha ija, asiye pobooka pa loko ya lamba, ndipo kunsi aike zingwe zomangira kuti kavala isamayendeyende, kavala yotakasuka imakhula mpando kuposa kukhala opanda. Ngati galimoto yanu ndi yatsopanoko yokhala ndi ma airbag, timatumba tija timafufuma pa ngozi, m'mbali mwa mipando, mbali imeneyo isatsekedwe. Pamwamba ndimangoponyapo chitenje choti ndizichapa ndikabwera ku ulendo. Mapepala a pulasitiki aja ena amasiya pa mipando ine sindigwirizana nawo, mu October mumatsika msana uli chonyowa ndipo thukutalo limakaunjikana m'misoko.

Dzuwa limagwira dashibodi ndi chiwongolero. Galasi lakutsogolo la HiAce ndi lalikulu, kutentha kwa October ndi November mvula isanagwe dashibodi imauma nkung'aluka. Dulani katoni molingana ndi galasi, matani pepala lonyezimira mbali yoyang'ana kunja, muziika nthawi zonse mukaima, ngakhale mwangolowa mu msika. Ngati palibe mthunzi imikani galimoto msana ku dzuwa. Popukuta dashibodi nsanza yonyowa pang'ono yakwana, mafuta onyezimiritsa aja amakoka fumbi komanso amathobwa m'maso mukamayendetsa. Mukaika kansalu pa dashibodi kasaphimbe potulukira airbag ndi timabowo ta mpweya wa pa galasi. Makatani a chitenje muwaike nsalu ina yoyera kumbuyo, apo ayi chaka chimodzi maluwa onse afufuta.

Nkhani ya matiresi ndiitalikitse pang'ono chifukwa ndi yomwe anthu amadabwa nayo. Munthu akagona amatulutsa chinyezi, popuma ndi thukuta lomwe. Mu June ndi July kuno kumazizira usiku, nde mumatseka mawindo onse, mmawa mumapeza magalasi ndi denga zili madontho okhaokha ngati mwagwa mvula mkati. Madzi amenewo amatsikira m'makoma kuseri kwa mabolodi, ena amakhala pansi pa matiresi. Matiresi ikagona pa thabwa lathunthu lopanda mpata, kunsi kwake kumachita madontho akuda a chuku ndipo thabwa limayamba kuola. Nde bedi ikhale ya timatabwa tosiyana mipata ya zala ziwiri kapena zitatu, ngati munapanga kale ya pulaiwudi booleni mabowo ambiri akuluakulu kuti kunsi kuzipita mpweya. Usiku siyani mawindo awiri oyang'anana otsekula pang'ono, zala ziwiri basi, muikepo neti ya udzudzu. Ine ndinadula neti yakale nkusokera timaginito m'mphepete, imamatirira ku chitsulo kunja kwa windo, mmawa ndimangoichotsa. Mukadzuka pukutani magalasi ndi denga, imikani matiresi chammbali kapena itulutseni pa dzuwa pamene mukumwa tiyi. Matiresiyo isokereni kavala ya zipi yoti izichapidwa.

Ndipo abale, mbaula isalowe mkati, kaya kwazizira bwanji. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali mtulo, m'kachipinda kakang'ono ngati galimoto sizitenga nthawi. Onjezerani bulangete. Kuphika nako phikirani panja, mangani lona kuchokera pa denga la galimoto ngati kukugwa mvula. Nthunzi ndi mafuta a chakudya zikakwera kudenga nsalu ya kudengako imada, imanunkha, kenako imayamba kulendewera.

Chinanso cha kwathu kuno, mukakhala ndi galimoto yaikulu achibale sakusiyani. Amalume akuti tinyamulireko matumba a feteleza ku Santhe, alamu akuti mtedza, ena mabelo a fodya opita ku Chinkhoma. Kukana nkovuta ndikudziwa, nde khalani ndi lona yaikulu yoti muziyala pansi mpaka kukwera m'makoma musanakweze kanthu, matiresi muyambe mwatulutsa. Feteleza ndiye woopsa, timibulu take tikagwera m'makona timakoka chinyezi nkudya chitsulo, mukatsitsa sesani ndi kukolopa tsiku lomwelo. Chimanga ndi mtedza zikatayikira pansi pa bedi zimaitana makoswe, ndipo khoswe akalowa sathera pa mtedza, amatafuna siponji ya mipando ndi mawaya omwe. Zakudya zanu zikhale m'mabigiri otseka bwino, zinyenyeswa za buledi zisagone mkati chifukwa cha mphemvu ndi nyerere. Matiresi kapena makushoni ogula akale muwaonetsetse m'misoko musanawalowetse, nsikidzi zikakhazikika m'ming'alu ya bedi kuzichotsa ndi ntchito yaikulu.

Nsapato zizitsala pa khomo. Ndinaika kabeseni pa sitepe ya chitseko chokoka, aliyense wolowa kumbuyo amavula nkuponya mmenemo, alendo poyamba amadabwa koma amazolowera. Nthawi ya matope ndimayalanso mkeka panja pa khomo. Ku nyanja ndiye muchenjere ndi mchenga, umalowa paliponse ndipo ndi umene umakanda kapeti ya pulasitiki, kabulashi kakang'ono kazikhala pafupi muzisesa madzulo aliwonse. Zovala zonyowa ndi matawulo yanikani panja, zikakanika kuuma ziikeni mu ndowa osati pa mpando.

Mukabwera ku ulendo woyamba mutatha ntchito yonseyi, tengani sipanala muyendere bawuti iliyonse ya bedi, kabati ndi pansi, mupeza ena amasuka chifukwa matabwa amakhala akukhazikika. Yang'anani pomwe pali kaufa ka thabwa kapena kamzere kowala pa penti, pamenepo pakukhulana, ikanipo legeni. Kenako sesani, kolopani ndi nsanza yofinya bwino osati kuthira madzi ndi paipi, tsekulani zitseko zonse kwa maola angapo muume. Ndipo kawiri pa chaka, mvula isanayambe mu November ndi ikangotha mu April, tukulani kapeti pa makona ndi pa sitepe muone ngati kunsi kuli kouma.